Fomu imene ndinadzaza ndi dzanja langa

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki ku boma mpaka tsiku limene ndinapuma. Atate anga nawonso anali kalaliki, ndipo atate awo anali mphunzitsi wa ku mishoni, moti kwathu munthu ankamuyeza ndi mmene amagwirira cholembera. Ku Nabvutika kumene ndimakhala, aliyense wofuna kalata yopemphera puloti kapena wosokonezeka ndi mafomu a penshoni ankagogoda pageti panga. Sindinkalipiritsa. Malipiro anga anali kumva anthu akunena kuti, "Pepala likadutsa m'manja mwa abambo awa silibwerera." Ndayamba ndi zimenezi kuti pasapezeke wina woganiza kuti zimene ndinachita ndinazichita chifukwa chosadziwa.

Akazi anga anali a ku Kasenengwa, mwana wa alimi a thonje ndi mtedza. Kwawo ndi Akatolika, ndipo ngakhale ananditsatira ku mpingo wathu titakwatirana, korona yawo inkakhala m'kabati ya makina osokera. Ankasoka mayunifomu a ana a sukulu pakhonde, kuyambira m'mawa mpaka maso atayamba kuwawa. Ana tinabereka atatu, koma anakula mmodzi, wamkazi. Anaphunzira unamwino, anagwira ntchito kuno pang'ono, kenako anapita ku Joni kumene ali mpaka lero.

Tsiku lina Loweruka masana mwanayo anaimba foni.

"Atate, amayi ali pafupi? Ikani foni pakati, ndikufuna mumve nonse."

Ndinaika foni pamwamba pa makina. Anatiuza kuti wakhala akusunga ndalama kwa nthawi yaitali, ndipo watilipirira ulendo wa pa sitima yaikulu ya pamadzi yonyamukira ku Durban. Masiku asanu panyanja ya mchere, chipinda chathuchathu chokhala ndi zenera, chakudya chophikaphika. Iye akatilandira ku bwalo la ndege n'kutiperekeza mpaka padoko.

Akazi anga anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu imene ankasokayo.

"Iwe mwana, ine madzi amene ndimawadziwa ndi a pachitsime. Ukufuna ndikafere kutali?"

"Amayi, mwasokera anthu moyo wanu wonse. Mupite mukakhale pansi, ena akutumikireni."

"Nanga atate akowa akakayamba kusanza, akawapukuta ndani?"

Anakana choncho sabata yathunthu, koma ndinawapeza kumsika akufunsa mtengo wa sutikesi. Kenako anayamba kuuza makasitomala awo kuti abweretse nsalu msanga chifukwa mwezi wakutiwakuti sadzakhalapo. Munthu akafunsa kumene akupita, ankayankha ngati nkhani yopanda pake: "Aa, kukaona madzi basi, mwana watikakamiza."

Mapasipoti anatuluka. Chinatsala ndi inshulansi ya paulendo. Mwana anati imeneyo tigule konkuno kwathu, ndipo anatumiza ndalama zake. Anatifotokozera kuti ntchito yake ndi kulipira chipatala tikadwalira kunja, komanso kubweza ndalama za ulendo ngati titalephera kunyamuka chifukwa cha matenda. Ine ndinamuyankha kuti asandiphunzitse za mapepala.

Ofesi ya inshulansi inali pamwamba pa sitolo ina m'tauni. Tinapita tonse awiri. Mayi wa pakauntala, wazaka zapakati, wolankhula mofatsa, anandipatsa fomu ya masamba anayi. Ndinadzaza maina, manambala a mapasipoti ndi masiku a ulendo. Pa tsamba lachitatu panali funso lakuti kodi wina mwa apaulendo ali ndi matenda amene amamwera mankhwala nthawi zonse, monga shuga, mtima kapena kuthamanga kwa magazi. Pambali pake panali timabokosi tiwiri, ka inde ndi ka ayi.

"Munthu akayankha kuti inde, chimachitika n'chiyani?" ndinafunsa.

"Amabwera ndi kalata ya dokotala, ndiye timatumiza ku likulu lathu ku Lusaka. Iwo ndi amene amagamula. Mtengo umakwera, ndipo ena amawakana kumene, makamaka achikulire."

Akazi anga anali atamwa mapiritsi a bipi, kuthamanga kwa magazi komweko, kwa zaka zambiri. Mwezi ndi mwezi ankapita kukliniki kukayezetsa, n'kubwerera ndi kapepala ka mapiritsi oyera. Anandigwira pamkono n'kunong'ona.

"Bambo, nanga mapiritsi anga aja?"

"Amenewo si matenda, mayi, ndi ukalamba chabe. Ndani wa msinkhu wathu alibe bipi?"

"Koma afunsa."

"Mapepala ndimawadziwa ndine."

Ndinachonga pa ayi, ndinasaina, n'kuwapatsa cholembera kuti nawonso asaine. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anasaina. Sindinachite zimenezo pofuna kupulumutsa ndalama. Ndinkaganiza za mzere wa kuchipatala, za kalata yokagona milungu pa desiki ya munthu ku Lusaka, za kuuza mwana kuti mayi ake awakana. Komanso ndinali nditaona mafomu ambirimbiri akulowa m'faelo osawerengedwa ndi munthu, ndipo ndinkakhulupirira kuti iyinso idzagona chimodzimodzi.

Patatsala milungu iwiri kuti tinyamuke, m'mawa wina ndinali kuseri kwa nyumba ndikuthirira repu. Makina ankalira pakhonde monga mwa masiku onse. Kenako anasiya. Ndinkayembekezera kuti ayambanso, chifukwa amaima choncho akamasintha ulusi. Sanayambe. Nditazungulira nyumba ndinawapeza atatsamira khoma, mwendo umodzi uli pa chopondera, pakamwa patapotokera kumanzere. Ankayesa kunditchula koma kunkangotuluka mpweya ndi malovu. Mnansi wathu wa galimoto yonyamula njerwa ndi amene anatithamangitsira kuchipatala, akazi anga atagona kumbuyo pa matiresi, mutu uli pamiyendo panga.

Inali sitiroko. Mbali yonse ya kumanzere inafa. Mawu anabwerera patapita masiku, koma olemera, ngati munthu ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Achemwali awo aakulu anabwera kuchokera ku Kasenengwa ndi kathumba ka ufa ndi zitenje ziwiri, n'kumagona pansi pafupi ndi bedi lawo m'wodi. Alamu angawa ndi munthu wosapsatira mawu. Pa ukwati wathu ndi iwo amene ananena pagulu kuti mng'ono wawo akutengedwa ndi anthu a mataye, ndipo kuyambira pamenepo tinkalemekezana koma patali.

Ulendo unali utafa. Mwana anaimbira a kampani ya sitima, kenako anandiimbira ine ndili pansi pa mtengo kunja kwa wodi.

"Atate, akuti talepheretsa mochedwa, ndiye ndalama sabweza. Koma chifukwa ndi matenda, atha kuzisunga m'dzina la aliyense wa inu, kuti mudzakwere ulendo wina chaka chisanathe. Ndalama zosungidwazo sizisanduka kashi, ndipo munthu wina sangazigwiritse ntchito."

"Ndiye zili bwino, azisunge."

"Ayi, atate, dikirani. Tikavomera zimenezo a inshulansi adzati sitinataye kanthu, ndiye sadzalipira. Ndi bwino tikane, a sitima atilembere kalata yakuti ndalama zapita, ndiye inshulansi ibweze zonse m'manja. Amayi akufunika njinga ya olumala, akufunika munthu wowawongola ziwalo. Inshulansi tinaigulira zomwezi."

Ankanena zoona, malinga ndi zimene iye ankadziwa. Koma ine ndinkadziwa za kabokosi kaja. Tikakana za a sitima, ndiyeno a inshulansi n'kuzindikira za bipi, titaya kuwiri. Apa ndi pamene ndikanamuuza. Ndinatsegula pakamwa, koma zimene zinatuluka ndi zina.

"Iwe, ukufuna kunena kuti mayi ako sadzachira? Azisunge ndalamazo. Mayi ako adzadzuka, adzakwera sitimayo."

Ndinamva akupuma movutikira. Iye ndi namwino, ankadziwa bwino lomwe chimene sitiroko yotere imachita. Koma ndi mwana uti angauze bambo ake kuti asiye chiyembekezo?

"Chabwino, atate. Ndivomera. Koma za matikiti a ndege ndi hotela mukapemphe ku inshulansi, zimenezo palibe amene watisungira."

Ndinabwerera m'wodi. Ndinali nditatenga matenda a akazi anga n'kuwasandutsa chophimbira bodza langa.

Mayi wa ku ofesi ya inshulansi anandipepesa kwambiri atamva za matendawo. Anandipatsa mndandanda wa zofunika: fomu yopemphera malipiro, malisiti, kalata ya a ndege, ndi lipoti la dokotala lofotokoza matendawo, tsiku limene anayamba, ndiponso ngati wodwala anali ndi vuto lina m'mbuyomu. Zina zonse ndinazisonkhanitsa pa masiku ochepa. Lipotilo ndinalizengereza milungu itatu.

Dokotala amene ankawaona anali bambo wa imvi zochepa, wa maso otopa. Ndinamudikirira pakhonde la wodi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Atandilowetsa m'kachipinda kake, ndinamupatsa fomu ija. Anatsegula kabuku ka kuchipatala ka akazi anga, kamene masamba ake anali odzaza manambala a bipi a mwezi ndi mwezi, n'kuyamba kulemba.

"Adokotala," ndinatero, "pamzere wa matenda akalewo, kodi simungangosiya osalembapo?"

Anakweza mutu.

"Chifukwa chiyani, bambo?"

Ndinamufotokozera mwachidule, maso ali pansi. Ndinali mkulu wa mpingo, munthu amene Lamlungu ndinkaima kutsogolo kuwerenga zolengeza. Dokotalayo sanakalipe. Anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Bambo, ndikumvetsa. Koma chimene chawagwetsa amayiwa ndi bipi yomweyi. Ndikasiya mzere umenewu, lipoti lonse likhala labodza, ndipo pansi pake pakhala dzina langa. Komanso akangopempha kabukuka, aona okha."

"Ndi ndalama za mwana, adokotala."

"Ndikudziwa. Pepani."

Analemba zonse, anadinda chidindo, n'kundipatsa. Ndinamuthokoza. Potsika masitepe ndinaganiza zoling'amba pepalalo, koma mwana ankafunsa tsiku lililonse ngati ndapereka. Mawa lake ndinakapereka.

Akazi anga anatuluka m'chipatala mvula itayamba. Tinawaikira bedi pabalaza kuti aziona panja. Alamu anga ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa phala ndi kasupuni, kuchapa zofunda kawiri pa tsiku n'kuziyanika m'nyumba chifukwa cha mvula. Nyumba yonse inkanunkha sopo ndi chinyontho. Ine ndinkavala jekete m'mawa, kutenga faelo yanga, n'kupita m'tauni. Ndinkati ndikukatsatira za inshulansi. Zoona zake n'zakuti panalibe chotsatira. Ndinkakwera masitepe aja, mayi uja n'kundiuza kuti ku Lusaka sanayankhe, ndiye n'kukakhala pa benchi pafupi ndi positi ofesi kuonerera njinga zikudutsa mpaka nthawi ya nkhomaliro itapitirira. Ndinkaopa kukhala pabalaza paja. Diso lawo lamanja linkanditsatira kulikonse kumene ndapita.

Tsiku lina ndikumanga zingwe za nsapato, alamu anga anaima pakhomo ndi beseni m'manja.

"Alamu, lero mukupitanso?"

"Eya, mapepala aja sanathe."

"Mapepala sadyetsa wodwala phala. Ine ndasiya munda wanga ukumera udzu. Mng'ono wangayu anakwatiwa ndi inu, sanakwatiwe ndi ine."

"Ndikufunafuna ndalama zomuthandizira yemweyo."

"Ndalamazo zikadzabwera mudzazipatse ndani? Khalani pansi mumugwire dzanja, ngakhale lakufalo."

Ndinapsa mtima, koma ndinavula jekete. Tsiku limenelo ndinawadyetsa ndine. Theka la phala linathera pachitenje. Akazi anga anayesa kuseka, mbali imodzi ya nkhope yokha n'kumagwedezeka.

Yankho la ku Lusaka linabwera patapita miyezi iwiri. Mayi uja anandipatsa envulopu atayang'ana kumbali. Ndinaiwerengera pa masitepe pomwepo. Inali kalata yaulemu, ya ndime zitatu. Inati malinga ndi lipoti la dokotala, wodwalayo anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi inshulansi isanagulidwe, kuti matendawo sanatchulidwe pa fomu, ndipo pa chifukwa chimenecho sangalipire kalikonse. Kumbuyo kwake anamatako fotokope ya tsamba lachitatu lija. Kachizindikiro kanga kanali pomwepo, koongoka bwino, m'kati mwenimweni mwa kabokosi, monga mmene ndinkaphunzitsira anthu.

Ndinabwereranso m'mwamba.

"Amayi, palibe njira yodandaulira?"

"Ilipo, bambo. Mutha kulemba kalata. Koma mudzalembamo kuti chiyani? Kuti simunkadziwa?"

Sanafunse monyoza. Ankandikumbukira. Anali pomwepo tsiku lija pamene akazi anga anandigwira pamkono.

Kalatayo ndinaibisa pansi pa mapepala a penshoni. Mwana akafunsa ndinkati akuchedwa, mukudziwa mmene maofesi amachitira. Iye anagula yekha njinga ya olumala n'kuitumiza pa basi. Ankagwira ntchito masiku ake opuma kuti alipire munthu wobwera kudzawongola mayi ake kawiri pa sabata. Pafoni mawu ake ankamveka otopa, ndipo nthawi zina ankatukwana a inshulansi, kuwatchula akuba. Ine ndinkangoti, "Zisiye, mama, Mulungu akuona."

Masana ena alamu anga atapita kuchigayo, ndinatsala ndekha ndi akazi anga. Ndinkawadula zikhadabo. Anayamba kulankhula, ndipo ndinayandikitsa khutu chifukwa mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"A-ka-na?"

Ndinayesa kunamizira kusamva.

"A inshulansi. Akana?"

"Eya, mayi. Akana."

"Mapiritsi."

"Eya."

Anatseka diso kwa kanthawi. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndinakuuzani. Akananena, mwina zikanandipepukira.

"Muuzeni mwana."

"Ndimuuza."

"Lero."

"Ndimuuza, mayi, ndikungofuna nthawi yabwino."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Sanadzaitchulenso nkhaniyo. Madzulo amenewo mwana anaimba, ndinagwira foni pakhutu pa mayi ake monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinkaopa kuti anena okha. Sananene. Anangofunsa ngati wadya.

Sitiroko yachiwiri inabwera chimanga chitayamba kuuma m'minda. Nthawi imeneyi sanadzukenso. Anagona m'chipatala masiku atatu, ndipo tsiku lachinayi m'mawa anatisiya, alamu anga ali kumutu akupemphera korona, ine ndili kumiyendo. Mwana anali m'njira, pa basi yochokera ku Lusaka. Ndinamuimbira ali cha ku Katete. Sindidzaiwala kulira kwake pakati pa phokoso la injini ndi mawu a anthu osamudziwa akumutonthoza.

Abale awo anapempha kuti akaikidwe kwawo, ndipo sindinatsutse. Tinawaika ku Kasenengwa, pafupi ndi mayi awo. Titabwerera ku Nabvutika anthu atabalalika, mwana anati asanabwerere ku ntchito akufuna akaonekere yekha ku ofesi ya inshulansi.

"Ndikufuna andiuze pamaso panga chifukwa chimene asungira pepala miyezi yonseyi. Amayi afa akudikira. Mawa mundiperekeze."

Tinali pakhonde, pafupi ndi makina atavundikiridwa ndi nsalu. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kalata ija, n'kumupatsa. Anawerenga tsamba loyamba, anatembenuza, n'kuyang'anitsitsa fotokope ija nthawi yaitali. Kenako anayang'ana tsiku limene kalatayo inalembedwa.

"Atate, kalata iyi yakhala m'nyumba muno miyezi itatu."

"Eya."

"Ndipo tsiku lija munandikalipira kuti ndikufunira amayi zoipa, munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Amayi ankadziwa?"

"Anandiletsa tsiku lodzaza fomu. Ndipo anandiuza kuti ndikuuze. Sindinawamvere konse kuwiri."

Sanakuwe. Anapinda kalatayo bwinobwino n'kuiika pa makina.

"Za ndalamazo sindikudandaula, atate. Mukanachonga pa inde mwina akanakukanani, ulendo n'kufa, basi. Koma mwandisiya ndikutukwana anthu osalakwa. Mwandisiya ndikudziimba mlandu kuti ndine ndinakutumizani ku kampani yachinyengo. Ndipo ine ndi namwino. Mukanandifunsa tsiku lomwelo, ndikanakuuzani kuti bipi ya amayi si yoseweretsa."

Ndinati pepa. Liwulo linamveka laling'ono kwambiri. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba kumene amayi ake aakulu, alamu anga aja, ankatsuka mapoto a pamaliro. Ndinawamva akulankhula motsitsa, kenako ndinamva kulira. Masiku awiri amene anatsala anandiphikira, anandichapira, anandiyankha mwaulemu chilichonse chimene ndinafunsa, koma sanakhale nane pansi. Pokwera basi anandipatsa dzanja ngati mlendo.

Zinatsala ndi ndalama zosungidwa ku kampani ya sitima. Mwana anawalembera kuti mmodzi mwa apaulendo wamwalira. Anayankha kuti titumize chikalata cha imfa. Kuchipeza chikalatacho kunanditengera maulendo angapo, ndipo nthawi imeneyi ndinaima pamzere ngati wina aliyense, osatchula kuti ndinagwirapo ntchito ku boma. Nditachipeza anati chikhale chotsimikizidwa ndi chidindo. Nditatumiza chotsimikizidwa anati dzina la pa chikalata likusiyana chilembo chimodzi ndi la pa pasipoti, ndiye pakufunika kalata yolumbira. Ndinapita kukalumbira kuti mkazi amene ndinakhala naye zaka zonsezo ndi yemweyo amene anamwalira. Pamapeto pake anabweza gawo la akazi anga kwa mwana, atadulapo zina. Iye anazitumiza zonse kwa amayi ake aakulu aja, amene munda wawo sunabereke kanthu chaka chimenecho chifukwa chosalimirira. Anachita bwino. Ine sindinaganizeko n'komwe zimenezo.

Gawo langa anakana kubweza. Anati ine ndili moyo, ndikhoza kuyenda. Ndinafunsa kudzera mwa mwana ngati angalisinthire m'dzina lake, kuti iye amene anavutikira ndalamazo akapumeko. Anati sizitheka, malamulo ake anali omwe aja. Ndiponso popeza chipinda chinali cha anthu awiri, ndikafuna kupita ndekha ndiyenera kuwonjezerapo zina.

Patatsala mwezi umodzi kuti chaka chija chithe, mwana anaimba. Tinali titazolowera kulankhula mwachidule, za thanzi ndi za nyengo.

"Atate, nthawi ikutha. Mukafuna kupita, ndiwonjezera zotsalazo."

"Ndikatani kumeneko, mama?"

"Sindikudziwa. Mukaone madzi. Amayi akanafuna wina wa ife akawaone."

"Iwe ungapite nane?"



"Panopa ayi, atate. Sindinafike pamenepo."

Ndinamuuza kuti ndamva, ndipo asawonjezere kalikonse. Sindikanatha kukakhala m'chipinda cha zenera chija ndekha, kudya chakudya cha thukuta la mwana amene ndinamunamiza. Tsiku lomaliza linafika n'kudutsa ngati tsiku lina lililonse. Ndinali kumunda kwa alamu anga, kumene ndinapita kukathandiza kupanga mizere yodzalamo mtedza wa chaka chotsatira. Msana wa kalaliki suchedwa kutopa, ndipo alamu anga sanandibisire kuti mizere yanga inali yokhota. Koma anandipatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, ndipo madzulo tinayendera limodzi kumanda kukazula udzu.

Ndi mwana tikulankhulana. Chaka chatha anabwera pa Khirisimasi n'kukhala sabata yathunthu, ndipo tsiku lina anaseka nthabwala yanga. Koma ndikamuuza chinthu chokhudza thanzi langa, amaimbira alamu anga kapena mnansi kuti atsimikize. Sindimuimba mlandu.

A kampani ya sitima aja anatsala ndi adiresi ya imelo imene tinalembetsera ulendo, ndipo mauthenga ake amafikira pafoni yanga. Pafupifupi sabata iliyonse amatumiza zotsatsa malonda, zithunzi za madzi obiriwira ndi anthu ovala zoyera atagwira matambula. Makompyuta a kampaniyo sanauzidwe za chikalata cha imfa chija, moti uthenga uliwonse umayamba ndi moni kwa akazi anga, kuwatchula dzina lawo loyamba, limene ine sindinkawaitana nalo pamaso pa anthu. Mwana anati pansi pa uthengawo pali malo oti ndidine kuti asiye kutumiza, ndipo anandilongosolera kawiri konse mmene ndingachitire. Ndinamuuza kuti ndamva. Sindinadinebe.